Ulendo wa mchere wa 1930: kodi kuphwanya lamulo popanda ziwawa kunawapindulira chiyani Amwenye?

Aphunzitsi a Kaliwo:
Moni nonse a pagulu pano. Ndikufuna tikambirane za ulendo wa mchere umene unachitika ku India mu 1930, chifukwa ambiri a ife timaudziwa pa chithunzi chokha cha mkulu woonda atagwira ndodo, osafunsa kuti zinatheka bwanji kuti boma lamphamvu ngati la Britain ligwedezeke ndi chinthu chotsika mtengo ngati mchere. Lamulo la mchere la 1882 linapatsa boma la atsamunda lokha mphamvu yopanga ndi kusonkhanitsa mchere, moti munthu wa m'mbali mwa nyanja, amene mcherewo unkachita kuuma wokha pafupi ndi khomo lake madzi akaphwa, ankapalamula mlandu akautola, ndipo ankayenera kukagula wa boma umene unali ndi msonkho. Pa 2 Malichi 1930 Mohandas Gandhi analembera kalata Lord Irwin, bwanamkubwa woimira mfumu ya Britain ku India, kumudziwitsa kuti ngati madandaulo a anthu samvedwa, iye adzaphwanya lamulo la mcherelo. Pa 12 Malichi ananyamuka ku Sabarmati, pafupi ndi Ahmedabad, ali ndi anthu 78, nayenda wapansi mtunda wa makilomita pafupifupi 390 kwa masiku 24 mpaka kukafika ku Dandi. M'mawa wa pa 6 Epulo anawerama m'mphepete mwa nyanja n'kutola chibuma cha matope a mchere, ndipo pomwepo mkulu wa zaka 60 uja anasanduka wolakwira lamulo anthu onse akuona.

Chimene chandichititsa kuyambitsa nkhaniyi n'chakuti pangano limene Gandhi ndi Irwin anasainirana pa 5 Malichi 1931 silinachotse msonkho wa mchere. Ena amatengera pamenepa n'kunena kuti anthu anavutika pachabe. Ine ndimakhulupirira kuti anapambana, chifukwa boma la atsamunda linkadalira kumvera kwa Amwenye eni ake, ndipo chaka chimenecho kumverako kunang'aluka. Ndikufuna ndimve maganizo anu.

Bambo Mbewe:
Zikomo aphunzitsi potibweretsera nkhaniyi. Ine ndili ndi chikayiko, ndipo ndiloleni ndichifotokoze ndi zimene zinachitika. Pofika kumapeto kwa 1930 anthu oposa 60,000 anali atatsekeredwa m'ndende, ambiri anamenyedwa, ena analandidwa minda ndi ziweto chifukwa chokana msonkho wa malo, koma zimene anatuluka nazo m'pangano lija ndi kumasulidwa kwa akaidi amene sanachite ziwawa, ndi chilolezo chakuti anthu a m'mbali mwa nyanja azipanga mchere wogwiritsa ntchito m'midzi mwawo. Chipani cha Congress, chimene chinkatsogolera Amwenye pomenyera ufulu, chinali chitalengeza ku Lahore mu Disembala 1929 kuti chikufuna ufulu wathunthu, koma ufuluwo unabwera pa 15 Ogasiti 1947, patapita zaka 17 chichitikire ulendowo. Pakati pa zaka zimenezi panagwa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse imene inasiya Britain ili ndi ngongole zosaneneka, panali asilikali a Subhas Chandra Bose amene anamenya nkhondo ali mbali ya Japan, ndipo mu Febuluwale 1946 asilikali a pamadzi a Chimwenye anagalukira mabwana awo ku Bombay. Kodi si zimenezi zimene zinachotsa Mngelezi? Ndikuopa kuti ulendo wa mchere timaukweza chifukwa ndi nkhani yokoma kuisimba.

Mayi Nachisale:
Bambo Mbewe, mfundo yanu ndaimva, koma mukuyeza nkhaniyi ndi zimene zinalembedwa papepala la pangano zokha. Tione kaye chifukwa chake anasankha mchere, poti ngakhale atsogoleri ena a Congress poyamba anauona ngati nkhani yochepa. Za malamulo oyendetsera dziko zinkamveka kwa maloya ndi ophunzira a m'tauni, koma mchere umalowa mumphika wa munthu aliyense, Mhindu kapena Msilamu, wolemera kapena wosauka, ndipo msonkho wake unkapweteka kwambiri wosaukayo, amene amakhetsa thukuta padzuwa tsiku lonse. Komanso linali lamulo loti aliyense akanatha kuliphwanya ndi manja ake, osafuna ndalama kapena sukulu. Mayi ankatenga mphika, kutunga madzi a m'nyanja, kuwatereka pamoto mpaka ataphwa, kenako n'kupala timibulu totuwa totsalira pansi. Ku Bombay amayi ankachita zimenezi pagombe la Chowpatty, n'kumanga mcherewo m'timapepala n'kumagulitsa mumsewu apolisi akuona. Pa anthu 78 oyamba aja panalibe mkazi, ndipo Kamaladevi Chattopadhyay ndi mmodzi mwa amene anamuumiriza Gandhi kuti amayi aloledwe kulowa nawo. Atalowa, ndiwo ankaima pakhomo pa masitolo a nsalu zakunja ndi malo ogulitsira mowa kupempha anthu kuti asagule, ndipo amayi masauzande ambiri anamangidwa, ambiri mwa iwo asanaimepo pagulu pa nkhani ya ndale chibadwire. Zimenezi m'pangano la Irwin mulibe, koma zinachitika.

Tiyamike Banda:
Akuluakulu, ine ndine wamng'ono pano, choncho mundilole ndifunse chimene chimandizunguza. N'chifukwa chiyani munthu wofuna kuphwanya lamulo ankachita kulembera kalata bwanamkubwa kumuuziratu, ndipo akagwidwa osathawa kapena kukana mlandu? Kodi sikukanakhala kwanzeru kupanga mcherewo mobisa, anthu n'kumadya wopanda msonkho, boma n'kumataya ndalama popanda wina womangidwa?

Che Jafali:
A Tiyamike, funso lanu lafika pamene pagona kusiyana kwa wozembetsa katundu ndi wotsutsa lamulo. Ozembetsa mchere analipo ku India kuyambira kale, moti m'zaka za m'ma 1800 atsamunda anafika pobzala mpanda wautali wa mitengo yaminga kudutsa pakati pa dziko kuti awatchinge, koma ozembetsawo sanagwedeze boma, chifukwa munthu wobisala amavomereza kuti lamulo lili ndi mphamvu, iye akungolizemba. Wophwanya poyera amauza khoti kuti ndachita dala ndipo ndidzachitanso, choncho mundilange kapena muvomereze kuti lamulo lanu ndi loipa. Ku India Gandhi anaiyesa njirayi mu 1917 ku Champaran, m'chigawo cha Bihar, kumene alimi ankakakamizidwa kubzala indigo, mbewu yopangira utoto, pa magawo 3 mwa magawo 20 a munda wawo kuti eni malo a Chizungu apindule. Amene anamva kwa agogo awo za thangata m'maesiteti a ku Thyolo ndi Mulanje sangavutike kumvetsa ululu wake. Boma litamulamula kuti achoke m'deralo anakana, anakaonekera kukhoti ku Motihari n'kuuvomera mlanduwo, ndipo akuluakulu a boma ataona khamu la alimi panja anauthetsa mlandu, kenako n'kukhazikitsa komiti yofufuza imene iye anakhalamo. Mu 1918 dongosolo lokakamiza alimi lija linathetsedwa ndi lamulo. Mu Malichi 1922 ku Ahmedabad anavomeranso mlandu woukira boma kudzera m'zolemba zake, nauza woweruza Broomfield kuti ngati akukhulupirira kuti lamulolo ndi lolungama amupatse chilango chachikulu chimene limalola, ndipo anamugamula kuti akakhale kundende zaka 6. Ndende ikasiya kuchititsa anthu manyazi ndi mantha, boma limatsala ndi kumenya.

Aphunzitsi a Kaliwo:
Che Jafali afika pamene ndimafuna tifike, chifukwa boma linamenyadi. Gandhi anamangidwa usiku wa pakati pa 4 ndi 5 Meyi 1930, atalengeza kuti akupita kukalowa pamalo opangira mchere a ku Dharasana. Abbas Tyabji, woweruza wopuma pantchito wa zaka zoposa 70, analowa m'malo mwake, nayenso anamangidwa, ndipo utsogoleri unagwera Sarojini Naidu. Pa 21 Meyi anthu pafupifupi 2,500 anafika pamalopo, pamene panali patazunguliridwa ndi ngalande ndi waya waminga. Ankapita m'magulumagulu, ali chete, ndipo apolisi ankawamenya m'mitu ndi m'mapewa ndi ndodo zokhala ndi chitsulo kunsonga. Mtolankhani wa ku America, Webb Miller, amene analipo, analemba kuti panalibe ngakhale mmodzi amene anakweza mkono kuti adzitchinjirize. Ogwa ankanyamulidwa pamachira, gulu lina n'kubwera kudzaima pamalo omwewo. Iye anawerenga ovulala 320 pachipatala cha msasa chimene chinakonzedwa chapafupi, ndipo awiri anamwalira. Akuluakulu a boma anayesa kutsekereza uthenga wake, koma unadutsa n'kusindikizidwa m'nyuzipepala zambiri kunja. Ndikamawerenga zimenezi thupi limandizizira, chifukwa munthu wa m'gulu lachitatu anali ataona ndi maso ake magazi a anzake a m'magulu awiri oyamba, komabe anayenda kupita komweko. Atsamunda ankanena kuti ali ku India kudzasunga bata ndi chilungamo, ndipo tsiku limenelo mawu amenewo anatha mphamvu ngakhale kwa anthu ena a ku Britain komweko. Onaninso kuti apolisi ambiri omenyawo anali Amwenye, olamulidwa ndi mabwana a Chizungu ochepa.

Bambo Mbewe:
Aphunzitsi, nkhani ya Dharasana imandikhudza inenso, koma imandisiyanso ndi mafunso ovuta. Njira imeneyi imadalira kuti wokumenyayo akhale ndi polekezera, komanso kuti pakhale mtolankhani woona. Pa 13 Epulo 1919 ku Jallianwala Bagh mumzinda wa Amritsar, mkulu wa asilikali Reginald Dyer analamula kuti khamu lopanda zida liwomberedwe pamalo otsekeka, ndipo boma lenilenilo linavomereza kuti anafa anthu 379, pamene Amwenye amati anali ochuluka kuposa pamenepo. Kodi kupanda zida kunawateteza anthu amenewo? Chinanso, mu Febuluwale 1922 khamu litawotcha ofesi ya polisi ku Chauri Chaura n'kupha apolisi 22, Gandhi anaimitsa kunyanyala boma m'dziko lonse pa nthawi imene kunali kutafika pachimake, ndipo Jawaharlal Nehru, mmodzi mwa atsogoleri a Congress, ndi anzake amene anali m'ndende anakhumudwa kwambiri. Munthu mmodzi ankatha kuyambitsa ndi kuimitsa nkhondo ya anthu miyandamiyanda. Ndipo pasanathe masabata atatu pangano la Irwin litasainidwa, pa 23 Malichi 1931, Bhagat Singh ndi anzake awiri ananyongedwa, achinyamata ambiri n'kumuimba mlandu Gandhi kuti sanawamenyere nkhondo mokwanira.

Che Jafali:
Bambo Mbewe, pa za Amritsar mukunena zoona, kusagwira chida sikutchinga chipolopolo. Koma taonani zimene zinachitika ku Peshawar pa 23 Epulo 1930. Kumeneko ndi kwa a Pashtun, anthu amene Angelezi ankawadziwa ndi mfuti ndi kubwezera, koma Khan Abdul Ghaffar Khan anakhazikitsa pakati pawo gulu la Khudai Khidmatgar, Asilamu ovala malaya ofiira amene analumbira kuti sadzabwezera. Iye atamangidwa, anthu anasonkhana pamsika wa Qissa Khwani, asilikali anawawombera, ndipo ambiri anafa. Koma pa masiku omwewo asilikali ena a gulu la Garhwal Rifles, amene anali Ahindu, anakana kuwombera Asilamu opanda zida, ndipo anazengedwa mlandu m'khoti la asilikali n'kupatsidwa zilango zowawa. Boma la atsamunda silinkaopa china chilichonse kuposa tsiku limene msilikali wa m'dzikomo adzatsitse mfuti pansi. Khamu lija likanakhala ndi mfuti, asilikaliwo akanawombera podziteteza, osayamba adzifunsa ngati akuchita bwino. Pa za Chauri Chaura, ine ndimaona kuti Gandhi anadziwa kuti pa ziwawa boma ndilo linali ndi mphamvu zonse, choncho kulowa kumeneko kunali kudzipereka m'manja mwake. Komabe zowawa za chisankho chake zinagwera anthu amene sanafunsidwe, ndipo pamenepo ndikugwirizana nanu.

Mayi Nangozo:
Moni akuluakulu. Ine ndikulemba ndili ku Johannesburg, ndipo ndikufuna kukumbutsa kuti njira imeneyi Amwenye anayamba kuigwiritsa ntchito kuno ku Africa. Pa 11 Seputembala 1906 anasonkhana mu Empire Theatre mumzinda uno n'kulumbira kuti sadzamvera lamulo la Transvaal lowakakamiza kulembetsa, kudinda zala ndi kuyenda ndi chiphaso. Pa 16 Ogasiti 1908 anawotcha ziphaso zoposa 2,000 mumphika waukulu wachitsulo panja pa mzikiti wa Hamidia. Mu 1913 khoti litagamula mokomera kuti maukwati a Chihindu ndi a Chisilamu asamavomerezeke, amayi analowa m'nkhondoyi, ogwira ntchito m'migodi ya malasha ku Newcastle ananyanyala pokana msonkho wa mapaundi 3 umene unkalipiritsidwa kwa amene amaliza kontalakiti yawo, ndipo mu Novembala anthu oposa 2,000 anadutsa malire a Natal ndi Transvaal ku Volksrust opanda chilolezo. Msonkhowo unathetsedwa mu 1914. Bambo Mbewe, nachi chitsanzo cha lamulo limene linagwadi.

Koma sindingabise chinthu chimene chimandipweteka. Pa zaka zimene ankakhala kuno Gandhi analemba mawu onyoza anthu akuda, ankadandaula kuti Amwenye akusakanizidwa ndi anthu akuda m'ndende ndi pakhomo la positi ofesi ku Durban, ndipo mu 1906 pa nkhondo ya Bambatha, pamene Azulu ena anagalukira atsamunda, anatsogolera kagulu konyamula ovulala kumbali ya boma la Natal. N'chifukwa chake mu 2018 achinyamata a ku Blantyre anakana kuti chiboliboli chake chimangidwe ku Ginnery Corner mpaka khoti linapereka chiletso, ndipo chaka chomwecho ku University of Ghana chiboliboli chake chinachotsedwa. Ine ndinagwirizana nawo achinyamatawo.

Aphunzitsi a Kaliwo:
Mayi Nangozo, mawu amenewo analembadi, ndipo palibe chifukwa chowabisira kapena kuwakometsa. Anthu a ku Blantyre anali ndi ufulu wosankha woti aime pamsewu wawo. Chimene ndingapemphe n'chakuti ntchito ya anthu masauzande tisaisenzetse munthu mmodzi, kaya pomutamanda kaya pomudzudzula. Valliamma Munuswamy, mtsikana wa zaka 16 amene anamwalira mu Febuluwale 1914 atangotuluka m'ndende ali wodwala, sitingamuimbe mlandu wa zolemba za Gandhi. Alimi a ku Bardoli, amene mu 1928 motsogoleredwa ndi Vallabhbhai Patel anakana kulipira msonkho wa malo umene unakwezedwa ndi 22 peresenti, analolera kuti njati zawo zoweta zilandidwe pamaso pawo, ndipo boma ndilo linabwerera m'mbuyo. Anthu akuda eni ake anaiona njirayi kuti ndi yothandiza, moti mu 1952 chipani cha ANC ndi bungwe la South African Indian Congress anagwirizana kuphwanya malamulo a tsankho poyera, ndipo anthu oposa 8,000 anamangidwa. Kenneth Kaunda nayenso ankanena mosabisa kuti anaphunzira kwa Gandhi.

Tiyamike Banda:
Zikomo Che Jafali, tsopano ndamvetsa chifukwa chake sankabisala. Koma pali munthu wina amene sitinamutchule, B. R. Ambedkar, mtsogoleri wa Amwenye osalidwa chifukwa cha fuko lawo. Mu Malichi 1927 ku Mahad iye anatsogolera anthu amene ankaonedwa ngati osayenera kukhudzidwa, amene lero amatchedwa a Dalit, kukamwa madzi padziwe la Chavdar limene ankaletsedwa kutungapo, ndipo anamenyedwa ndi Ahindu a mafuko odziona apamwamba. Imeneyi inali njira yomweyi, zaka zitatu ulendo wa mchere usanachitike. Nkhawa ya Ambedkar inali yakuti kuchoka kwa Mngelezi sikudzamuthandiza munthu amene saloledwa kutunga pachitsime cha m'mudzi mwake. Mu 1932 Gandhi anasala kudya ali m'ndende ya Yerwada pokana kuti a Dalit azivota paokha, ndipo Ambedkar anakakamizika kusaina pangano la Poona. Apa ndimaona kuti kudzizunza kumene kunali kolungama polimbana ndi boma lamfuti kunagwiritsidwa ntchito kupanikiza anthu oponderezedwa kale. Kodi ndikulakwitsa?

Mayi Nachisale:
Simukulakwitsa a Tiyamike. Kusala kudya mpaka imfa kuti mnzako agonje ndi chinthu china, kuphwanya lamulo loipa n'kulandira chilango chake ndi chinanso, ngakhale zonsezi anazichita munthu mmodzi. Ambedkar anadziwa kuti Gandhi akafa, mkwiyo wa anthu udzagwera a Dalit m'midzi momwe munalibe wowateteza. M'panganolo anatulukamo ndi mipando yosungidwira anthu ake m'nyumba za malamulo za m'zigawo, yowirikiza kawiri imene Britain inali itapereka, koma anataya chimene ankachifunitsitsa, chakuti anthu ake azisankha okha owaimira.

Bambo Mbewe:
Zitsanzo za 1914 ndi Bardoli ndazilandira, chifukwa kumeneko kunali dandaulo lodziwika bwino ndipo boma linagonja. Koma pa za 1930 ndikadali pomwe ndinali. Msonkhano wa ku London umene Gandhi anapitako kumapeto kwa 1931 sunabale zipatso. Atabwerera anapeza bwanamkubwa watsopano, Lord Willingdon, amene sanafune zokambirana. Pa 4 Januwale 1932 anamumanga, chipani cha Congress chinaletsedwa, katundu wa chipanicho analandidwa, ndipo pofika 1934 kuphwanya malamulo kunaimitsidwa anthu atatopa. Muhammad Ali Jinnah ndi chipani cha Asilamu cha Muslim League sanalowe nawo m'zochitika za 1930, ndipo kusamvana kumeneko ndiko kunadzagawa dziko mu 1947, magazi ambiri n'kukhetsedwa. Boma likaumitsa mtima ngati la Willingdon, njirayi imatsala ndi chiyani?

Aphunzitsi a Kaliwo:
Willingdon anatontholetsa misewu, zimenezo sindikana. Koma taonani zimene zinali zitasintha kale. Mu Febuluwale ndi Malichi 1931 Irwin anakhala pansi ku Delhi maulendo angapo ndi munthu amene anali mkaidi wake masabata ochepa m'mbuyomo, ndipo Winston Churchill, wandale wa ku Britain, anapsa mtima poyera chifukwa anaona kuti woukira boma akulankhula ndi woimira mfumu ngati anthu ofanana. Pa nthawi ya ulendo wa ku Dandi nyakwawa zambiri za m'midzi ya Gujarat zinatula pansi maudindo amene zinapatsidwa ndi boma, ndipo malonda a nsalu za ku Lancashire ku Britain anatsika kwambiri. Angelezi ogwira ntchito m'boma anali ochepa zedi poyerekeza ndi anthu oposa 300 miliyoni amene ankawalamulira, choncho kusonkhetsa msonkho, kulondera ndende ndi kugwira mfuti zonse zinali m'manja mwa Amwenye. Mu 1935 Britain inakhazikitsa lamulo lopereka maboma a zigawo kwa anthu osankhidwa, ndipo chisankho cha 1937 chitachitika, chipani chimene chinali choletsedwa zaka zochepa m'mbuyomo chinapanga maboma m'zigawo zambiri mwa zigawo 11, ndipo ambiri mwa ochivotera anachidziwa nthawi ya mchere ija. Msonkho wa mcherewo unadzachotsedwa ndi boma logwirizira la Nehru ufulu utatsala pang'ono kufika. Nkhondo yachiwiri inafooketsadi Britain monga mwanenera, koma Britain yofookayo inakakamirabe Malaya ndi Kenya ndi mfuti m'zaka za m'ma 1950, pamene ku India inaona kuti ilibenso anthu okwanira oimvera.

Bambo Mbewe:
Mfundo ya Malaya ndi Kenya ndi yolemera, aphunzitsi, koma siikukwanira. Ku Kenya kunali Azungu okhazikika amene analanda minda yachonde ndipo analibe maganizo ochoka, pamene ku Malaya kunali mphira ndi tini zimene zinkabweretsera Britain madola pa nthawi imene inkawasowa kwambiri. Ku India kunalibe Azungu ambiri okhazikika pa minda ngati ku Kenya, ndipo pofika 1945 Britain ndiyo inali ndi ngongole kwa India chifukwa cha ndalama za nkhondo. Tisanagamule kuti kusamvera kwa anthu ndiko kunaichotsa, tiyenera kuyeza zimenezinso.